Kusankhira Kamera Yakale Diso Loona Motambalala

Alipo makamera ena amene adapangidwa agogo a anthu ambiri a lero akali anyamata, koma mpaka pano akujambulabe zithunzi ngati kuti adatuluka m'fakitale dzulo. Otchuka mwa iwo ndi a Leica, ochokera mumzinda wa Wetzlar ku Germany, pamodzi ndi a Contax, Canon, Nikon ndi Zorki amene adatsata njira yomweyo. Onsewa amadya filimu, ndipo ambiri safuna batire. Munthu amene wapeza kamera yotere kawirikawiri amaipeza ili ndi lenzi imodzi, ndiye kuti diso lagalasi lakutsogolo lija, ya mamilimita 50. Sipapita nthawi yaitali asanayambe kudandaula kuti disoli ndi lopanikiza: m'chipinda amabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, koma alendo a paukwati osakwanabe onse m'chithunzi. Apa ndi pamene amayamba kufunafuna lenzi yoona motambalala. Ndi pomwepanso pamene ndalama zambiri zimatayika, pakuti malenzi akalewa sagulitsidwa motsika mtengo, ndipo si ogulitsa onse amene amalola kubweza katundu.

Wogula wosazindikira amayambira pa dzina. Amamva kuti Summicron ndiye mfumu, nayamba kusunga ndalama za Summicron. Komatu dzina liyenera kudza pambuyo. Mafunso oyamba ali m'kamera imene munthu ali nayo kale m'manja: kodi kazenera kake kamaona chiyani, pakamwa pake pamalowa lenzi yotani, nanga m'mimba mwake muli malo okwanira?

Makamera amenewa amatchedwa rangefinder, kutanthauza choyezera mtunda. Wojambula sayang'anira m'lenzi ayi, koma amasuzumira pakazenera kapadera kamene kali pamwamba chakumanzere. Pakati pa kazenerako pali kachigamba kowala m'mene chinthu chimaoneka pawiri, ndipo akamapotokola lenzi, ziwirizo zimasendererana mpaka kukhala chimodzi. Zikatero ndiye kuti mtunda wapezeka. Kamera ya Oskar Barnack idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1925, ndipo kampani ya Leitz idalumikiza choyezera mtunda ndi lenzi m'chaka cha 1932. Makamera a mtundu wina amene adadzalanda msika pambuyo pake, monga Nikon F ya 1959, ali ndi kalilole pakati pa lenzi ndi filimu, ndipo kaliloleyo amafuna malo oti adzigudubukiramo. Motero kuchokera pakamwa pa Nikon F kufika pafilimu pali mamilimita 46.5, pamene pa Leica M pali 27.8 basi. Tsono lenzi yoona motambalala mwachibadwa imafuna kukhala pafupi ndi filimu. Pakamera ya kalilole sizitheka, ndipo zidatengera nzeru za Pierre Angénieux wa ku France, m'chaka cha 1950, kuti papezeke njira yokankhira magalasi kutsogolo, njira imene idapangitsa malenzi kukhala akuluakulu ndi olemera. Pakamera yopanda kalilole vutoli kulibe. Ndicho chifukwa chake malenzi akale a mtundu umenewu ali aang'ono okwana m'thumba la malaya, ndiponso mizere yowongoka, monga ya khoma kapena ya mzati, amaisiya ili yowongoka.

Nambala ya mamilimita imene imalembedwa kutsogolo kwa lenzi imasonyeza kukula kwa dera limene lenziyo idzatenge: nambala ikamachepa, dera limakula. Pafilimu ya mamilimita 24 kwa 36, poyeza mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pa inzake, lenzi ya 50 imaona madigiri pafupifupi 47, ya 35 imaona 63, ya 28 imaona 75, ndipo ya 21 imaona 92, kotero kuti munthu ataima pangodya angathe kutenga pafupifupi chipinda chonse. Koma kutambalala kuli ndi msonkho wake. Zinthu zapafupi zimakula, zakutali zimachepa. Nkhope ikayandikira kwambiri mphuno imatupa, mitu ya anthu oima m'mphepete imatalika ngati dzira, ndipo kamera ikangopendekera kumwamba pang'ono nyumba zimaoneka ngati zikugwa chagada. Pa 35 zimenezi zimachitika mofatsa, pa 21 mwaukali. Henri Cartier-Bresson wa ku France adagwira ntchito yake yambiri ndi lenzi ya 50, pamene Garry Winogrand adajambula misewu ya New York ndi ya 28, akuloweratu m'kati mwa khamu. Kwa munthu amene akugula lenzi yotambalala koyamba, ya 35 ndiyo yokhululuka.

Tsopano za kazenera, pamene pagona nkhani. Popeza wojambula sayang'anira m'lenzi, kamera imamusonyeza malire a chithunzi ndi mizere yoyera imene imaoneka m'kazeneramo. Lenzi ikasinthidwa, mizere imasinthanso. Koma si kamera iliyonse imene ili ndi mizere ya lenzi iliyonse.

Leica M3, imene idatuluka m'chaka cha 1954, ili ndi kazenera kamene ambiri amakayamikira kuposa tonse, chifukwa zinthu zimaoneka pafupifupi pamsinkhu wake weniweni. Mizere yake ndi ya 50, 90 ndi 135. Ya 35 mulibe, ndipo simukadakwana n'komwe. Akatswiri a ku Wetzlar adathetsa vutoli mwanjira yoseketsa pang'ono: adapanga malenzi a 35 ovala mandala. Pamwamba pa lenzi adamangirirapo timagalasi tiwiri tophimba mazenera a kamera, timene timachepetsa zooneka kotero kuti mizere ya 50 imasonyeza dera la 35. Nzeru imeneyi imagwira ntchito bwino, ngakhale kuti kamera imalemera ndipo kazenera kamachita mdima pang'ono. Msampha uli apa. Nthawi zina lenzi yotere imapezeka pamsika mandala ake atasowa, pamtengo wokopa, kapena mwini wake amawamasula yekha poganiza kuti pakamera yokhala ndi mizere ya 35 safunikanso. Iyayi. Chitsulo chakumbuyo chimene chimakankha choyezera mtunda chidasemedwa kuti chizigwirizana ndi mandalawo. Popanda iwo choyezera chimanena zoona pa zinthu zakutali kwambiri zokha, koma chinthu chikamayandikira bodza limakula, ndipo mizere yotuluka imakhalabe ya 50. Lenzi ya mandala yopanda mandala ake ndi katundu wolumala, ngakhale galasi lake litawala motani.

Leica M2, imene idatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, idapangidwira anthu okonda 35. Kazenera kake kamachepetsa zinthu pang'ono kuti kaone dera lalikulu, ndipo mizere yake ndi ya 35, 50 ndi 90. M4 ya 1967 idawonjezerapo ya 135. Mizere ya 28 idadza mochedwa, ndi M4-P kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, kenaka M6 ya 1984. Ngakhale pamenepo, mizereyo ili kumphepete kwenikweni kwa kazenera, mwakuti wovala magalasi a maso saiona yonse pakamodzi. Amachita kuyendetsa diso uku ndi uko ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi. Canon P ya 1959 nayonso ili ndi mizere ya 35, koma imavutanso chimodzimodzi kwa ovala magalasi.

Nanga ya 21? Palibe imodzi mwa makamera atchulidwawa imene ili ndi mizere yake. Pamafunika kazenera kena kapadera, koloweka pakampata ka chitsulo ka pamwamba pa kamera. Wojambula amayeza mtunda pakazenera ka kamera, kenaka n'kusamutsira diso pakapamwamba kuti aone malire. Ena amazolowera msanga, ena zimawatopetsa mpaka lenzi kuiponya m'kabati. Tizenera timeneti sitibwera ulere, timasowa kawirikawiri, ndipo timakola pa zovala. Eni makamera akale kwambiri a Leica, a m'banja la II ndi III, adziwe kuti kazenera kawo kadapangidwira 50, choncho lenzi iliyonse yotambalala idzafuna kazenera kapadera. Powerengera mtengo wa lenzi, wogula awerengere pamodzi ndi kazenerako.

Za pakamwa pa kamera sizifuna mawu ambiri. Malenzi akale a Leica, a Canon ndi a ku Soviet Union amamangidwa pozunguza ngati chivundikiro cha botolo, pakamwa pa mamilimita 39. Kuyambira pa M3, Leica idasintha: lenzi imangolowetsedwa n'kukhotetsedwa pang'ono mpaka italuma. Pamakamera ozunguza, filimu ili pa mamilimita 28.8 kuchokera pakamwa. Pa M, mwadala, adachepetsa ndi milimita imodzi. Milimita imeneyo ndiyo malo a kamphete kolumikizira, kamene kamalola lenzi yozunguza kukhala pakamera ya M choyezera mtunda chikugwirabe ntchito. Timphete timeneti tilipo tosiyanasiyana malinga ndi mizere imene timatulutsa, motero wogula asankhe kotulutsa 35. Njira yobwerera kulibe: lenzi ya M silowa pakamera yozunguza. Contax ndi Nikon yakale ya rangefinder zili ndi pakamwa pawo pena, ndipo popeza malenzi ena adapangidwa m'mitundu iwiri pa dzina limodzi, kufunsa n'kofunika ndalama zisanachoke m'thumba.

Kuyandikira filimu kuja, kumene kudapatsa malenziwa ubwino wake, ndiko kumabweretsanso ngozi. Super-Angulon ya 21, imene kampani ya Schneider ya ku Kreuznach idapangira Leitz, yoyamba m'chaka cha 1958 ndipo yachiwiri mu 1963, ili ndi galasi lakumbuyo lolowa m'kati mwa kamera mpaka kutsala pang'ono kukhudza kansalu kotchinga filimu. Elmarit ya 28 yoyamba, ya 1965, ndi chimodzimodzi. Pa M2, M3 ndi M4 palibe vuto, chifukwa m'mimba mwake mulibe kanthu. Koma M5 ya 1971 ndi CL ya 1973 zili ndi choyezera kuwala chokhala pakankono kamene kamatambasuka kumbuyo kwa lenzi, ndipo galasi lotalika lingathe kukagunda ndi kukathyola. Kukonzetsa kamera yotere lero, zipangizo zake zitasiya kupangidwa kalekale, si nkhani yamasewera. Pa M6 palibe chothyoka, chifukwa choyezera chimawerenga kuwala kochokera pakadontho koyera ka pakansalu. Komabe galasi lija limachitchinga, ndipo zimene chimanena sizodalirika.

M'gulu lomweli muli Jupiter-12, lenzi ya 35 ya ku Soviet Union imene mtengo wake wotsika umakopa ambiri. Mbiri yake ndi yabwino: idatengera Biogon imene Ludwig Bertele adapangira kampani ya Zeiss m'zaka za m'ma 1930, ndipo nzeru zake zidasamukira kum'mawa itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ikakhala yomangidwa bwino imajambula mokoma. Koma kumbuyo kwake kuli galasi lalikulu lotumphuka ngati diso la ng'ombe, lopanda chotchinjiriza, losachedwa kukandika, ndipo pa M5, pa CL ndi pamakamera ena a Canon silowa bwino. Ndiponso malenzi a dzina limeneli sali ofanana onse. Ina imatuluka yakuthwa, inzake yofooka. Ndi lenzi yoyenera kugula munthu ataiyesa pakamera yake.

Zitatha izi ndi pamene dzina lingalowe m'nkhani, pamodzi ndi nambala yachiwiri ija yoyamba ndi chilembo cha f. Nambalayi imanena za kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Lenzi ya f/2 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya f/2.8, ndipo ya f/1.4 kanayi. Mtengo nawo umakwera motsatira, mwinanso kuposa apo. M'chaka cha 1958 Leitz idatulutsa malenzi awiri a 35: Summaron ya f/2.8 ya magalasi 6, ndi Summicron ya f/2 ya magalasi 8. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 kudadza Summilux ya f/1.4, ntchito ya Walter Mandler, amene adali kufakitale ya kampaniyo ku Midland, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Summilux imeneyi ikatsegulidwa kotheratu, zinthu zowala zimachita ngati zazunguliridwa ndi utsi wopyapyala. Ena amaukonda utsiwo mpaka kuulipira ndalama zambiri, kotero kuti Leica idayambanso kupanga lenziyi m'chaka cha 2022, koma kunena zoona chimenechi ndi chilema chimene chidasanduka chokongoletsa. Kabowo kakachepetsedwa kufika pa f/5.6 kapena f/8, malenzi atatuwa amafanana kwambiri mwakuti ndi anthu owerengeka amene angaloze kuti chithunzi ichi chidachokera ku iyi, icho ku iyo.

Pajatu ntchito yambiri ya lenzi yotambalala imagwiridwa pa f/8 pomwepo. Lenzi ya 35 ikaikidwa pa f/8 ndi pamtunda wa mamita 5, chilichonse kuyambira mamita awiri ndi theka kufika kumapiri chimatuluka chooneka bwino. Ya 28, itaikidwa pa mamita atatu ndi pang'ono, imayambira pa mita imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Wojambula mumsewu safunikanso kuyeza mtunda. Amangokweza kamera n'kudina. Kukada, kamera yopanda kalilole sigwedezeka kwambiri pojambula, ndipo manja okhazikika angathe kugwira lenzi ya 35 pa 1/30 ya sekondi chithunzi osasokonezeka. Choncho munthu wojambula masana, panja, pamaliro, pamsika kapena pabwalo la masewera, amene walipira mtengo wa f/1.4 wagula kuwala kumene sadzakugwiritsa ntchito. Summaron ya f/2.8 imkwanira. Imkwaniranso Canon ya 35 ya f/2, yozunguza, imene idatuluka m'chaka cha 1962: yaing'ono, yopepuka, yakuthwa, ndipo kawirikawiri yotsika mtengo poyerekeza ndi Summicron. Malenzi a ku Japan adasiya kuderedwa kuyambira 1950, pamene David Douglas Duncan wa magazini ya Life adajambula nkhondo ya ku Korea ndi malenzi a Nikkor pakamera ya Leica. Chimodzi chokha choti wogula adziwe ndi chakuti malenzi ambiri ozunguza safika pafupi kuposa mita imodzi, pamene ambiri a M amafika pa masentimita 70.

Chotsiriza, chimenenso chimaposa dzina, ndi thanzi la lenzi imodzi imene ili patebulopo. Malenzi awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi akhala m'manja osiyana kwa zaka 60, ndipo sangafanane. Wogula atsegule kabowo kotheratu, awunike ndi tochi kuchokera kumbuyo, iye akuyang'ana chammbali kuchokera kutsogolo. Tifumbi tochepa tisamuopse, sitioneka m'chithunzi. Choopsa choyamba ndi chifunga, kuyera kwa mbuu kumene kumadza chifukwa cha mafuta a m'kati amene amauluka ngati nthunzi n'kukakhala pagalasi. Chifunga chimapha mdima wa chithunzi, zakuda zonse n'kusanduka zotuwa, makamaka pojambula moyang'anana ndi kuwala. Ma Summaron ndi malenzi ena a Canon amadziwika ndi nthenda imeneyi. Nthawi zambiri mmisiri angathe kuchipukuta, koma chikakhalitsa chimadya galasi ndipo sichichokanso. Chachiwiri ndi chuku, chimene chimaoneka ngati ulusi wa kangaude woyambira m'mphepete. Chimakonda malo otentha ndi a chinyezi, ndipo nachonso chimasiya zipsera. Chachitatu ndi kumatuka kwa magalasi amene adamatidwa awiriawiri ndi utomoni wa mtengo. Chizindikiro chake ndi mitundu ya utawaleza kapena timathovu tachikasu m'mphepete, ndipo amisiri otha kumatanso ndi ochepa. Palinso timizere tosawerengeka pagalasi lakutsogolo, ntchito ya eni ake akale amene ankapukuta ndi kumapeto kwa tayi. Utoto wopyapyala woletsa kunyezimira, umene Alexander Smakula wa ku Zeiss adatulukira m'chaka cha 1935 ndipo udafala nkhondo itatha, unali wofewa pamalenzi ambiri a Leitz a zaka zoyambazo. Malenzi a nkhondo isanayambe, monga Elmar ya 35 ya 1930, ambiri alibiretu utotowo, ndipo amafuna chotchinga dzuwa nthawi zonse.

Manja nawo ayese. Lenzi izipotokoka mosalala kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto. Kulimba kwa girisi wouma kumachizika, koma kugwedera kapena kukakamira pamalo amodzi kungasonyeze kuti lenziyo idagwapo. Timasamba ta kabowo tikhale touma, topanda mafuta. Kenaka lenzi iikidwe pakamera ndi kulozetsa chinthu chakutali kwambiri, monga nsonga ya phiri kapena mwezi: ikafika pamapeto pake, zithunzi ziwiri za m'kachigamba zikhale chimodzi ndendende. Wogulitsa akalola, filimu imodzi ijambulidwe ndi kutsukidwa malonda asanatsekedwe, zithunzi zina kabowo kali kotsegula kotheratu pamtunda wa mita imodzi, zina moyang'anana ndi zenera lowala.

Lenzi ikafika pakhomo isasungidwe m'chikwama chake chachikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo chuku chimayambira m'menemo, makamaka m'nyengo ya dzinja. Ikhale pamalo ouma, opita mphepo, kapena m'kabokosi kotsekeka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Ndipo ikakhala pakamera, chivundikiro chisachoke popanda chifukwa. Pakati pa lenzi ndi kansalu ka Leica palibe kalilole wotchinga, kotero kamera ikasiyidwa chagada padzuwa la masana, lenziyo imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi monga amachitira ana poyatsa pepala ndi galasi, ndipo m'kanthawi kochepa kansaluko kamabooka.